Chimera cha Sungeni

Mwana wanga akuphunzitsa kanthu kosaoneka kudya botolo.
Ndi mmene ndimawayankhira anzanga pa depoti
akandifunsa kuti Sungeni amagwira ntchito yanji
yofika nayo usiku, m'manja mukununkha mankhwala.
Amaseka. Nanenso ndinaseka poyamba.

Ine mabotolo ndiwo munda wanga.
Gelesomu amanditolera kuseri kwa mabala a ku Bwandilo,
ndimatsuka ndi mchenga ndi madzi otentha,
n'kuthiramo thobwa.
Lina la chivindikiro chobiriwira
landibwerera kasanu ndi kawiri chaka chino,
ndimalidziwa ndi chipsera cha ndudu pakhosi pake.
Kachisanu ndi chitatu linabooka. Ndinaliponya m'ngalande.
Sindinama ayi, ndinaliponya.

Disembala, mvula itagwa usiku wonse,
ngalande ya ku Kawale inasanza zonse zimene tinaidyetsa:
majumbo abuluu, timasacheti, matewera,
zinalowa m'nyumba osanena odi.
M'mitengo ya m'mbali mwa Lilongwe munatsala majumbo lendelende
ngati zovala za munthu amene sadzabwera kudzaanula.
Mbuzi ya a Nangondo inafa ndi njala ili chikhutire;
atang'amba chifu anapezamo chimpira cholimba ngati nkhonya.

Lamulungu lina Sungeni anandipeza ndikuyanika mawere omera.
Anati, Amayi, chimera mumathiriranji m'phala?
Ndinati, kuti lisungunuke, litsekemere, funso lanji limenelo?
Anati, basi ntchito yanga ndi yomweyo.
M'chimeramo muli timipeni todula phala mfundo ndi mfundo,
kusukulu timati enzaimu.
Yangayi ndinaipeza m'dothi la kumtaya,
kumene tizilombo tinatopa kudikira chakudya china
n'kuyamba kunyambita pulasitiki.
Koma ndi yaulesi, ikamva kutentha imafooka,
botolo limodzi ingalidye mpaka zidzukulu zanu kumera imvi.
Ndiye ndimaisintha pang'ono, monga telala achitira ndi diresi la kaunjika,
kukuza kamwa apa, kulimbitsa msana apo,
kuyesa, kulephera, kusomolanso.

Ndinafunsa, wayesa kangati?
Anati, ndinasiya kuwerenga pa mazana awiri.
Magetsi anazima Lachinayi, filiji inafunda,
thukuta la miyezi itatu linafera m'timachubu.
Kaya analira, sanandiuze.
Anangodya mbatata yake, maso pakhoma.

Dzana wabwera ndi kagalasi m'chikwama.
M'katimo madzi oderako,
pansi tinyenyeswa toyera ngati gaga.
Anati, ili linali botolo, Amayi. Masiku asanu ndi anayi.
Tikasefa madziwa tiumbanso lina latsopano
osakagula mafuta kwa eni ake kutsidya.
Ndinakweza kagalasiko padzuwa. Ndinanunkhiza.
Ndinafunafuna chipsera cha ndudu. Munalibe.

Ndiye ndinamufunsa zimene zinkandidya:
nanga kanthu kakoka kakathawa,
n'kulowa m'dengu langa usiku,
ndidzadzuke thobwa lili mbwee pansi, mabotolo atadyedwa?
Nanga Gelesomu adzatola chiyani?
Loyambalo anaseka mpaka kutsamwa:
kunja kwa thanki yake sikachedwa kufa.
Za Gelesomu sanaseke.
Anati, thankiyo idzafuna woitolera,
ngakhale ophwanyika omwe inu mumakana aja.
Ndinati, pa mtengo wanji?
Anayang'ana nsapato zake.

Lero ndaphika phala m'bandakucha,
ndathira chimera, ndavundikira,
ndakhala pa chidebe kutchera khutu.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikuchita zimenezi
osadziwa kuti ndili ndi aganyu.
Sachita phokoso. Sanandifunsepo malipiro.

Botolo lobooka la dzulo sindinaliponye.
Lili pawindo, pafupi ndi makiyi ake,
kuti asaliiwale mawa popita.